Mkulu Amene Anayeza Pabalaza Pathu

Sitima yachidoleyo tinaigula pa Khirisimasi, mwana wathu wamkazi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anaiona yekha pashelefu m'sitolo ina kuno ku Beaumont Leys, m'dziko la azungu lino, n'kuima pomwepo osafuna kusuntha. Anzake ankalirira mafoni, iye sitima. Bambo ake anakondwa kuposa mwanayo, poti anakulira ku Balaka pafupi ndi njanji, ndipo mpaka lero akamva sitima ikudutsa amayamba asiya kulankhula.

Pakatoni panali chithunzi cha mapiri, siteshoni, mlatho ndi tianthu tonyamula zikwama. Titatsegula tinapezamo zidutswa za njanji zoti ukalumikiza zimangozungulira, mutu wa sitima wobiriwira, mabogi atatu, ndi kabokosi ka magetsi kokhala ndi chopotokola chimodzi. Basi. Mapiri aja munalibe. Ine ndinayamba pomwepo kuganiza kuti atipusitsa, koma poona nkhope ya mwana ndinatseka pakamwa.

Tinaiyala pakapeti pabalaza. Masiku awiri inayenda bwino. Tsiku lachitatu inayamba kujejema, kuima, kenako n'kudzidzimuka ndi liwiro mpaka kugubuduka pokhota. Ukapotokola pang'ono siyenda, ukawonjezera pang'ono yauluka. Njanji nazo zinkangolekana. Mwezi usanathe mwana anabweza zonse m'katoni osanena kanthu, ndipo zinandiwawa kuposa akanalira.

Pabalaza pathu panali nkhani ina. Mng'ono wanga anali atangofika kuchokera ku Blantyre kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Mapepala ake anali bwinobwino, koma malo okhala anali asanapeze, ndiye ankagona pasofa. Papepala la lendi ya nyumba panalembedwa anthu atatu, ndipo a kampani yoyang'anira nyumbayo sankadziwa za wachinayi. Choncho madzulo aliwonse njanji zinkaphwasulidwa kuti sofa itambasulidwe.

Loweruka lina ndili pashifiti kuchipatala, bambo ake anatenga mwana n'kupita ku Loughborough, kumene anamva kuti kuli chionetsero cha tisitima totere. Nditafika kunyumba ndinapeza katoni ili patebulo, yopepuka.

"Mutu wa sitima uli kuti?"

"Tausiya kwa mkulu wina, akaukonza."

"Mkulu wake uti?"

"Mzungu wachikulire ndithu. Akuti kale anali injiniya. Ndi munthu wabwino, mayi ake."

"Mwamudziwa liti kuti ndi wabwino? Lero lomweli?"

Anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala kolembedwa nambala ya foni ndi pensulo. Umboni wonse unali womwewo. Ndinawauza kuti mutuwo auiwale, wapita.

Sunapite. Patatha sabata mkuluyo anaimba foni kuti wamaliza, koma akufuna kuubweretsa yekha kunyumba kuti aone pamene timaseweretsera. Zimenezi zinandisowetsa mtendere kuposa kuba kumene ndinkayembekezera. Chinthu chokwana m'thumba la jekete, munthu n'kuyendetsa galimoto ulendo wonsewo? Kuno anthu salowerana m'nyumba wamba. Oyandikana nawo takhala nawo zaka, koma mtundu wa makatani awo ndimauonera panja.

Anabwera Loweruka masana, mng'ono wanga ali kuntchito. Anali wamtali, wowerama pang'ono, atavala jekete la matumba ambirimbiri. Pakhomo anavula nsapato tisanamuuze. Bambo ake anandiyang'ana ngati akuti mwaona ulemu wake, koma ine mumtima ndinati, ameneyu walowa m'nyumba zingati za anthu ngati ife?

Anagwada pansi, n'kulumikiza njanji, n'kuzipukuta ndi kansalu, kenako anaikapo mutu uja. Unanyamuka pang'onopang'ono, osajejema, n'kukoka mabogi ake bwinobwino. Mwana anawomba m'manja. Ine ndinaunyamula kuti ndiuone, ndipo unali wolemera kuposa kale. Ndinautembenuza uku ndi uku ndikufuna pamene penti inakalika tsiku lomwe unagwa, mpaka ndinapapeza. Unali wathu womwewo. Koma m'kati anaikamo chiyani?

Ndisanafunse, mkuluyo anatulutsa tepi yoyezera ndi kabuku kakuda. Anayeza kuyambira pakhoma kufika pa TV, n'kulemba. Anayeza mpata wa kumbuyo kwa sofa, kumene kunali sutikesi ya mng'ono wanga ndi bulangete lopinda, n'kulemba.

"Pano pamagona munthu?" anafunsa m'Chingerezi chake chofatsa.

"Eya, mlamu wanga," bambo ake anayankha ndisanawaponde phazi.

Analembanso.

Kenako anatembenukira kwa mwana. Anamufunsa chimene chinamutopetsa pasitimayo, ndi chimene akanakonda kuti izichita. Mwana wanga, amene alendo akamupatsa moni amangoyang'ana pansi, tsiku limenelo analankhula ngati wailesi. Anati sitimayo imangozungulira, ilibe kopita, ilibe poima kuti itsitse katundu. Mkuluyo analemba mawu onse n'kudula mzere kunsi kwake. Ine ndinakhala pampando wapafupi, maso pa iye, tiyi ndinawatuma bambo ake kuti akapange. Atatulutsa foni kuti ajambule pansi, ndinadzuka.

"Pepani bambo, zithunzi ayi."

Anapepesa, n'kubweza foni m'thumba. Koma anajambula pabalaza ponse ndi pensulo m'kabuku kaja, sofa ndi zitseko zomwe.

Atachoka tinakangana. Bambo ake ankati ndimaona njoka paliponse. Ine ndinkati munthu wokonza zidole sayeza nyumba za eni ake, safunsa kuti akugona pati ndani. Lolemba ndinafotokozera mnzanga wa ku Zambia amene timagwira wodi imodzi. Anaika kapu yake pansi.

"Imwe, manje mwamulowetsa bwanji mu nyumba? Bantu aba balemba lelo, mailo kalata yabwela. Muzaona."

Kalata inabweradi. Patapita masiku khumi, a kampani ya nyumba analemba kuti abwera kudzayendera nyumbayo chipinda ndi chipinda. Chilowereni tinali tisanalandirepo kalata yotero. Ndinaiika patebulo pamaso pa bambo ake. Iwo anaiwerenga kawiri, n'kuti mwina zangokumana. Koma mawu awo anali opanda mphamvu. Mng'ono wanga anayamba kulongedza zovala akulira, akuti watibweretsera mavuto.

Lachitatu ndinali pa ofu. Ndinali nditamva kwa bambo ake kuti mkuluyo ndi anzake amakumana m'mawa wa Lachitatu lililonse muholo ina kumbuyo kwa tchalitchi ku Loughborough komweko. Mwana atapita kusukulu ndinakwera basi kupita m'tauni, kenako sitima ya ku Loughborough, osauza munthu. M'njira monse ndinkakonza mawu oti ndikanene, ndipo ena anali oti mayi wa Mvano sayenera kuwatchula.

Muholomo munkanunkha guluu ndi tiyi. Munali azibambo achikulire asanu kapena asanu ndi mmodzi, atazungulira thebulo lalitali pamene panali mapiri, milatho ndi tinyumba, zonse zija zinali pakatoni yathu. Nditalowa onse anatembenuka kundiyang'ana. Mkulu uja anandizindikira, n'kubwera akumwetulira.

"Ndabwera kudzaona zimene munalemba za nyumba yanga," ndinatero, moni ndisanapereke.

Kumwetulira kunatha. Anapisa m'jekete n'kundipatsa kabuku kaja.

Ndinakatsegula nditaimirira. Tsamba lililonse linali nyumba ya anthu. Mayina munalibe, manambala a nyumba munalibe, koma madera okha. Pena analemba kuti Spinney Hill, ana anayi, chipinda chopapatiza, njanji amaziponda popita kukhitchini. Pena kuti agogo ndi mdzukulu, manja a agogo amanjenjemera, sangathe kukhazika mawilo panjanji. Tsamba lathu linali kumapeto. Beaumont Leys. Ubweya wa kapeti walowa m'mawilo. Pabalaza pamagona munthu, njanji zimaphwasulidwa tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake zolumikizira zakhwepa. Pakufunika thabwa lopinda. M'munsi mwake munali mawu a mwana wanga aja.

"Zimenezi mumapita nazo kuti?"

Anandikokera mpando, ine ndinakana. Anafotokoza ataima. Anati opanga tisitimati amaganiza kuti banja lililonse lili ndi chipinda chapadera ndi bambo wodziwa zida. Anati ana ambiri amene amawaona pachionetsero amakhala kuti sitima yawo yoyamba inafera m'katoni, ndipo sabwereranso. Ndiye iye wakhala akuyenda m'nyumba za amene amulola, kuona chimene chimalakwika, n'kumalembera makalata opangawo. Amawapempha kuti zolumikizira njanji zikhale zolimba, kabokosi ka magetsi kazinyamutsa sitima mofatsa, m'katoni muzikhala kanjanji kopatuka kamodzi koti sitima iziimapo, ndiponso kuti chithunzi cha pakatoni chizinena zoona.

"Amakuyankhani?"

"Kamodzi ananditumizira khadi lothokoza."

Mmodzi mwa anzake anaseka, wina n'kumugunyuza.

Pamenepo ndinatulutsa kalata ija m'chikwama n'kumupatsa. Anaiwerenga ataitalikitsa ndi maso, ndipo poyamba sanamve kuti ikumukhudza bwanji. Atazindikira, makutu ake anafiira.

"Mayi, ngakhale dzina la mwini nyumba yanu sindilidziwa."

Sanalumbire, sanakalipe. Ine ndinkafuna akalipe kuti ndipeze pogwira. Ndinafunsa za kulemera kwa mutu wa sitima uja, ndipo anatenga wina pathebulo, n'kuutsegula, n'kundionetsa tizidutswa ta chitsulo tomatidwa m'kati kuti mawilo azigwira njanji. Ndinaona ndi maso anga, komabe mtima sunakhale pansi. Munthu akhoza kunena zoona pa zitsulo n'kunama pa zina.

"Ndikufuna tsamba lathu lichoke m'kabukumu."

Anagwedeza mutu kuvomera. Anangopempha chimodzi, kuti akopere mawu a mwana patsamba lina, chifukwa anati pa ana onse amene anawafunsa palibe anafotokoza bwino chotero. Ndinalola. Anakopera ine ndikuyang'ana, kenako anang'amba tsambalo mosamala n'kundipatsa m'manja.

Ndikutembenuka kuti ndizipita, anandiitana n'kuloza pakhoma. Panatsamira thabwa lopinda pakati, la mahinjesi awiri. Analitambasula pansi. Njanji zinali zitakhomeredwa kale, ndipo pambali panali kanjanji kopatuka kothera pakashedi kakang'ono ka makatoni opaka penti.

"Ndi la mwana wanu. Likapindidwa lilowa kumbuyo kwa sofa, mpata ulipo wokwanira."

"Ndiye inu mukufunapo chiyani?"

"Pakatha mwezi mundiuze ngati akuseweretsabe. Ngati wasiya, mundiuze chifukwa chake."

Ndinatuluka. Musitima ndinawerenga tsamba lija katatu, ndikufuna mawu amene ndinawaphonya. Ndinalibweza m'chikwama ndisanawapeze.

Tsiku loyendera nyumba, sutikesi tinaibisa m'galimoto ya mnzathu wa kutchalitchi, mng'ono wanga n'kupita kukazungulira m'masitolo. Kunabwera mtsikana wa kukampani ija, chifoni cha tabuleti m'manja. Anayesa mabelu ochenjeza za utsi, anajambula nkhungu ya kubafa, anatsegula ndi kutseka mawindo. Pabalaza anaima pang'ono akuyang'ana sofa, kapena mwina ndine ndinaona choncho. Ndinamufunsa ngati pali amene anadandaula za ife. Anati iye amangopatsidwa mndandanda wa nyumba. Anapita, ndipo sitinamvenso kanthu kupatula munthu amene anabwera kudzapaka penti kubafa.

Thabwa lija mkuluyo analibweretsa Loweruka lotsatira, atagwirizana ndi bambo ake. Anaimika galimoto pamsewu, osatsika. Bambo ake ndi mwana anakalinyamula, ine ndili pawindo. Ndikanatha kutuluka kukamuitana, koma sindinatuluke. Anakweza dzanja, sindikudziwa ngati ankakwezera ine kapena mwana, n'kunyamuka.

Linalowadi kumbuyo kwa sofa ngati linabadwira pomwepo. Mwana akaweruka kusukulu ankalitambasula yekha, n'kumanyamula mabatani ndi nyemba m'mabogi kukatsitsa pakashedi kaja. Mng'ono wanga, amene poyamba ankadana ndi sitimayo, anayamba kumusokera timatumba ta katundu. Patapita miyezi iwiri anapeza chipinda ku Nottingham n'kusamuka.

Foni ndinaimba ndine, mochedwa ndi masabata angapo. Ndinamuuza mkuluyo kuti mwana akuseweretsabe, koma thabwalo lilibe mpanda m'mbali, ndiye bogi imodzi inagwera pansi n'kuthyoka kokolera. Anati pamenepo wolakwa ndi iye, sanaganizire za mpanda, ndipo bambo ake akapite nayo kuholo akaikonza. Kenako ndinati ngati angapeze mpata abwere adzamwe tiyi, adzaone yekha mmene mwana akuchitira.

Anathokoza kwambiri. Anati bondo likumuvuta masiku ano, sakuyendetsa galimoto mtunda wautali, mwina kukafunda. Kunafunda, kunazizira, sanabwere. Bambo ake amapitabe kuholoko ndi mwana kamodzi pamwezi, ndipo ndinawafunsa tsiku lina ngati mkuluyo amatsimphina. Anaganiza kaye, n'kuti sanayang'anitsitse.