Mkamwini Wopanda Kwawo

A Zuze anafika ku Mphunzi mu 1987 pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, atanyamula khasu lopanda mpini basi. Anzawo atabwerera, iwo anatsala chifukwa anali atakwatira mayi Pilira. Analima mbatatesi m'munda wa akazi awowo zaka makumi atatu, ndipo maliro akagwa m'mudzimo, oyamba kufika kumanda ndi khasu anali iwo.

Mayi Pilira anamwalira osasiya mwana. Achibale a malemuwo anawasudzula a Zuze mwaulemu wonse, nati, "Mwamasuka alamu, mutha kupita kwanu." Kwawo kwake kuti? Mudzi wawo unapsa kalekale, ndipo owadziwa onse anatha. Munda unabwerera kwa eni, iwo n'kutsala m'kanyumba kothonya kuseri kwa phiri, maso akuchita khungu.

Amayi a mumphakati wa tchalitchi anagawana masiku owayendera. Lachitatu linali la mayi Filomena, amene amabwera ndi nkhuni ndi phala, n'kuwachotsa matekenya kumapazi.

Tsiku lina kuli chisanu cholowa m'mafupa, a Zuze anakankhira mbale pambali.

"Amayi, phala ndathokoza. Koma mwandifunsira za malo kumanda kuja?"

Mayi Filomena anayang'ana pansi. Anali atafunsa, ndipo banja lililonse linati mzere wake ndi wa abale okhaokha.

"Akukambirana, agogo."

A Zuze anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Auzeni asavutike kundilozera. Manda onsewo ndinakumba ndine, ndikudziwa pamene patsala malo."