Dzina Limene Ndinakana Kulemba

Chaka changa choyamba ku Hamilton, mzinda wa ku Canada, ndinkagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Tsiku lopuma linali Lamulungu basi, ndipo ndinkadana nalo. Ndikatuluka m'tchalitchi, momwe ankandipatsa moni ndi nsonga za zala, mzinda wonse unkangoti zii. Lamulo linkaletsa malonda tsiku limenelo. Masitolo anali otseka, mabasi a apo ndi apo, chamoyo chinali utsi wa m'mafakitale a zitsulo wokha. Mmalawi mnzanga amene ndinkamudziwa ankakhala kumzinda wina wa Oshawa, ndipo tinkaonana mwa kamodzikamodzi.

Chimene chinandipulumutsa ndi chikhoti. Ndinachigula chakale, chachitali ngati mkanjo wa abusa, ndiye mnzanga wina wa kuntchito anandilozera kwa telala wachiyuda. "Upite Lamulungu," anatero, "koma ukagogode kuseri."

Telalayo anali bambo wachikulire, wamfupi, magalasi ali pansonga ya mphuno, ndipo ankasoka limodzi ndi akazi awo. Loweruka linali Sabata lawo, sankagwira ngakhale singano. Tsono boma nalo linkati Lamulungu atseke. Iwo masiku awiri osasoka, atelala anzawo tsiku limodzi lokha. Ndiye ankatseka makatani a kumaso n'kumasoka mobisa ngati anthu otcheza kachasu.

Chikhoticho anachidula tsiku lomwelo, koma ine sindinaleke kupitako. Mabatani anga anayamba kuthothoka modabwitsa, ndipo ndivomere, ena ndinkachita kuwadula ndekha ndi lezala. Mayiwo ankadziwa. "Mwana iwe, zovala zako zikudwala," ankatero, uku akundithirira tiyi m'tambula, osati m'kapu. Ndinkakhala pafupi ndi simbi n'kumaotha nthunzi yake, iwo akukangana m'chinenero chawo za kolala wa jekete la munthu. Mumzinda monsemo, amene ankatchula dzina langa molondola anali awiriwa basi.

Lamulungu lina bambowo anatulutsa chikalata m'dirowa ya ulusi. Anati Ayuda akusonkhanitsa mayina kuti akapemphe boma lilole anthu otseka Loweruka chifukwa cha chipembedzo kuti azitsegula Lamulungu.

"Mayina a Ayuda tili nawo ambiri," anatero. "Tikusowa a Akhristu. Iwe umapita kutchalitchi, dzina lako lilemera kuposa langa."

Anandipatsa cholembera. Ndinachigwira, koma osalemba.

Kwathu masiku amenewo munthu sunkalemba dzina lako papepala lotsutsa boma. Ndinali nditaona ndi maso angawa anthu a mpingo wina akuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Tinkamvanso kuti ngakhale kunja kuno kuli makutu, ndipo ine ndinali ndi mayi ndi azing'ono anga kumudzi. Mutu unkandiuza kuti kuno ndi ku Canada, pepalali likupita kwa aphungu a eni dziko, palibe angandigwire. Koma dzanja linakana. Ndinadzitonthoza kuti kwa eni kulibe mkuwe.

"Pepani bambo," ndinatero, "ine ndine mlendo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja, kenako anabweza chikalatacho m'dirowa.

"Usadandaule," anatero. "Mantha amenewo ndimawadziwa. Ndinawoloka nawo nyanja, mpaka lero ndikugona nawo."

Mayiwo anandiwonjezera tiyi.

Akanandikalipira zikanakhala bwino. Ubwino wawowo ndi umene unandithamangitsa. Lamulungu lotsatira manyazi anandigwira, sindinapiteko. Linzake chimodzimodzi. Ndinkabwerera kuchipinda changa n'kumachapa zovala zoyera kale, kudzikwiyira, kuwakwiyiranso iwo chifukwa chondipempha. Ine amene ndinaphunzira ku sande sukulu kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndinali nditamwa tiyi wawo miyezi yonse ija n'kuwamana dzina.

Patatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi ndinalimba mtima. Ndinatenga cholembera changa, ndinavala chikhoti chija, ulendo. Ndinagogoda kuseri, zii. Ndinagogodanso. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo.

"Lamulungu sabweranso," anatero. "Apolisi anawapeza kawiri."

Tsopano ankatsegula Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi yomwe ine ndinali kusambitsa okalamba. Lachisanu lina ndinapempha kuweruka msanga n'kuthamangira basi, koma nyengo yozizira dzuwa limalowa msanga, ndipo Sabata lawo limayamba dzuwa likalowa. Ndinapeza atakhoma kale. Kenako ndinapeza ntchito ku Toronto, ndinasamuka osatsanzika. Patapita zaka ndinamva kuti lamulo lija alifewetsako, masitolo ang'onoang'ono otseka Loweruka aziloledwa kutsegula Lamulungu. Ndinakondwa, koma chimwemwe chake chinali cha munthu woonerera ukwati ali kunja kwa mpanda.

Chimene sichindichoka m'mutu ndi Lamulungu lija la mayi wa pawindo. Nditachoka kuseri ndinazungulira kumaso kwa shopu. Makatani anali otsegula, poti panalibenso chobisa. Makina awo awiri osokera anali ophimbidwa ndi nsalu, mpando wanga uli pomwe paja pafupi ndi simbi. Mumsewu munalibe munthu. Galasi linali litachita chifunga ndi mpweya wanga, ndiye ndinavula gulovu n'kulembapo dzina langa ndi chala, lonse, ndi la bambo anga lomwe. Ndisanamalize kuvala gulovu, dzinalo linali litafufutika.