Kaseti ya alamu anga a ku Cuamba

Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza nyumba yathu ku Itepela yatsala makoma okha, mkati mutamera udzu. Amuna anga anali atamwalira kumsasa wa othawa nkhondo. Ndinatsala ndi ana ndi khasu limodzi.

Alamu anga ankagwira ntchito ya njanji ku Cuamba. Mnzawo anawabwereka buku la zamalonda la Chipwitikizi. Podziwa kuti chinenerocho sindichimva, komanso nthawi yokhala pansi ndinalibe, anajambula mawu awo pa kaseti, kufotokoza mfundo zake m'Chinyanja mwachidule. Anandipatsa kasetiyo pamodzi ndi kawailesi kakale ndi thumba la nyemba.

"Mlamu, muzimvera uku mukulima," anatero. "Nyembazi ndi mpamba. Musadye."

Ndinkaika wailesiyo pamzere, n'kumalima pokhapo pomwe anthu anapondapo kale, poopa mabomba okwiriridwa. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka sitima ikulira. Ankati wamalonda azigulitsa chimene anthu akusowa, pamalo pomwe amasonkhana. Ndinasenza nyembazo mpaka kumsika wa ku Mandimba. Anthu ankangozigwiragwira n'kupitirira. Njala anali nayo, koma chogulira analibe. Ndinabwerera nazo khosi likuwawa.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Mwana wanga wamng'ono anayamba kutupa mapazi, tsitsi likufiira. Mabatire nawo ankatha, mawu a alamu akukoka ngati a munthu wodwala. Mabatirewo ndinkawaanika padzuwa kuti abwereko mphamvu.

Tsiku lina mwana wanga wamkulu, mtsikana, anandifunsa, "Amayi, nyemba zija zikudikira ndani?"

Ndinakhala pakhonde n'kumvera kaseti yonse mbali ziwiri, ndikufunafuna pomwe bukulo linanenapo chochita ndi mpamba mwana akamafa. Linanena za kusunga katundu, za kulankhula bwino ndi ogula, za kupirira. Za mwana panalibe.

Ndinamasula thumba lija n'kuphika. Ndinadyetsa anawo. Nyemba zitatha, wailesi ndinasinthanitsa ndi chinangwa chouma kwa bambo wina wa ku Mitande, kenako ndinayamba ganyu m'minda ya fodya.

Mwana anachira, ngakhale anachedwa kuyenda. Alamu atabwera kudzationa nthawi yokolola, ndinawauza zonse nditayang'ana pansi. Anamunyamula mwanayo, n'kumusisita mapazi nthawi yaitali.

"Waonda," anatero. Kenako anafunsa ngati pali madzi akumwa.