Ndinabisa mfuti ya amuna anga m'chigafa

Inu owerenga, ine ndinaika alongo anga m'manda Lachinayi, Lachisanu n'kunyamula chakudya kukapatsa amuna anga m'chitokosi cha apolisi. Amene anawombera ndi amuna angawo, koma amene anabisa mfuti ndine.

Timakhala kwathu kufupi ndi Nambuma, kumene amuna anga anabwera chikamwini. Tinali ndi ng'ombe zinayi za pangolo. Chaka china akuba anatenga ziwiri, ndipo sitinazionenso. Patatha mwezi amuna anga anabwera ndi mfuti atayikulunga m'thumba la feteleza. Anati agula kwa munthu wina wodutsa ndi malonda, ndipo inalibe mapepala. Kunena zoona, ndinasangalala. Kuchigayo anthu akamatsutsana ngati n'koyenera kuti mlimi azisunga mfuti, ine ndinkakhala patsogolo kunena kuti boma lizingolola, poti akuba ali nazo ndipo apolisi ali kutali.

Alongo anga aakulu, amene anali mkulu wa mpingo, atamva anandiitanira pambali. Anati, "Mlongo wanga, alamuwa ndi a mtima wapachala. Kaperekeni chinthucho ku polisi chisanatiliritse." Ndinawayankha kuti tinabweza kale kwa mwini wake. Linali bodza. Tsiku lomwelo ndinakaisomeka mu udzu wa denga la chigafa cha fodya, ndipo amuna anga ndinawauza pamene ili.

Akuba sanabwerenso. Chimene chinabwera ndi mkangano wa dimba. Mayi athu atamwalira, amuna anga analima mizere itatu kupitirira malire, kulowa mbali ya alongo anga. M'mawa wina tikuthirira tomato, alongo anga anafika kuti akambirane. Mawu anakula, mpaka alongo angawo anati mkamwini alibe munda pamudzi pano. Amuna anga anaponya kheni yothirira pansi n'kulunjika kunyumba.

Ndinadziwa chimene akukatenga. Nthawi inalipo yoti ndiwauze alongo anga athawe, koma kutero kunali kuulula bodza langa lija. Ndinangodziuza mumtima kuti akufuna kungowaopseza. Atabwerera, mfuti inalira kamodzi kokha. Alongo anga anagwera m'tomato, ndipo anatsirizikira pangolo tisanafike kuchipatala.

Lero amuna anga ali kundende. Ndikapita kukawaona amangolira, amati sakumbuka n'komwe kuti chala chinakoka bwanji. Akazi a alongo anga anatsala ndi ana asanu. Timatunga pamjigo umodzi, koma akandiona amatula ndowa patali n'kudikira kuti ndichoke. Sindiwaimba mlandu. Ana anga kusukulu amatchedwa ana a chigawenga. Dimba lija palibe amene amalimamo, munamera bango.

Ndimamvabe anthu akunena kuti aliyense akhale ndi mfuti yake yodzitetezera. Sindine wophunzira kuti nditsutsane ndi odziwa malamulo. Chimene ndikudziwa n'chakuti pakanapanda mfuti, tsiku lija anthu awiriwa akanatukwanana, mwina kumenyana, kenako akuluakulu akanawakhazika pansi.

Amayi anzanga, ngati m'nyumba mwanu muli mfuti yopanda chilolezo, musaibise ngati mmene ndinachitira ine. Uzani abale, uzani apolisi, ngakhale banja ligwedezeke. Mtima wa amuna anu mumaudziwa ndinu. Ine ndinkaudziwa bwino lomwe, koma ndinakhala chete.