Eriyo Yoloza Kumanda

Ndikakumbukira asekulu anga a Mtonga, bambo wa amayi anga, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mtovu wosungunuka, losakanikirana ndi utsi wa pambaula pomwe ankaotchera kachitsulo kawo kolumikizira mawaya. Malo awo anali pakhonde, koma munthu uja sankagwirizana ndi mpando. Akakhala pang'ono ankadzambatuka kukayang'ana kumwamba, kubwerera kudzapotokola wailesi, kenako kutulukanso akudziyankhulira yekha.

Anagwira ntchito ya mawailesi kumigodi, ndipo atapuma anabwerera kumudzi kwathu cha ku Chikomeni ndi wailesi yoyankhulirana ndi anthu akutali, laisensi yake ali nayo. Batire la galimoto ankalimangirira panjinga kukalitchajitsa ku boma la Lundazi, ulendo wodya tsiku lonse. Loweruka ndi Lamlungu masana nyumba inkadzaza phokoso ngati la mafuta m'chiwaya, ndipo mkati mwa phokosolo munkatuluka mawu a anzawo omwe sanawaonepo nkhope.

Amayi anga anapita ku Botswana kukagwira ntchito ya unesi chaka chija tinkadya chimanga chachikasu, n'kundisiya kwa asekulu. Nkhope yawo ndinali nayo pachithunzi, koma mawu awo anayamba kundithawa. Ndinkayesa kuwakumbukira akundiitana, m'mutu mwanga n'kumangomveka mawu a aphunzitsi athu. Zimenezi zinkandiopsa, ndipo sindinauze munthu.

Tsiku lina asekulu anatuluka m'nyumba akuthamanga, nsapato ili kuphazi limodzi. Mnzawo wina wa pawailesi wa ku Francistown anali atawapeza amayi kuchipatala, ndipo analonjeza kuwatengera kunyumba kwake Lamlungu lotsatira, tsiku lokhalo lomwe amayiwo akanapuma. Vuto linali eriyo yathu, waya womangidwa kuchoka pamtengo wa mango kufika padenga. Mawu a mnzawoyo ankabwera n'kuzimiririka, nthawi zina sabata yonse osamveka.

"Waya uyu amamvela mbali zonse monga munthu wa miseche," anatero asekulu. "Manje nifuna eriyo ya khutu limodzi, Taonga, yomvela amako cabe."

Sabata imeneyo pakhomo panalibe mtendere. Anadula nsungwi kudambo, analumikiza ziwiriziwiri, anayeza waya ndi tepi, anadula, anang'ung'udza, anayezanso. Chakudya chinkawazizirira. Pomaliza pabwalo panagona chinthu chachikulu kuposa khonde lathu, nsungwi zitatu zopingasa pamtanda umodzi, iliyonse ndi waya wake: yaitali kumapeto kuno, yapakati yokhala ndi chingwe chopita kuwailesi, ndi yaifupi kumapeto enawo.

Alongo awo a asekulu, aNyaMtonga, amene ankatisamalira kuyambira pamene agogo aakazi anamwalira, anaima pambali manja ali m'chiuno. Anafunsa kuti Botswanayo ali mbali iti. Asekulu analoza ndi mlomo cha kum'mwera, ndipo ndinaona nkhope ya aNyaMtonga ikusintha. Kumeneko, kuseri kwa munda wa fodya, kunali mitengo ya kumanda.

"Yayi, adumbu! Mwana akaloza manda na chala timamuuza alume chalacho, manje imwe mufuna kuloza na nsungwi zonsezi? Alamu anga agona pamenepo, dothi likalibe kuuma. Mufuna kuitana ndani?"

Asekulu anafotokoza za mafunde a wailesi mpaka thovu kukamwa, koma aNyaMtonga sanasunthe. Anati chinthucho chikwere, koma mutu wake uyang'ane kwina, apo ayi achidula okha ndi chikwanje. Ndinkawadziwa, akanachitadi. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, chifukwa ndinkaona Lamlungu likubwera ndipo amayi adzayankhula tilibe chowamvera.

Loweruka anyamata a m'mudzi anabwera kudzadzutsa mlongoti wa bulugamu. Eriyo itakwera, ikugwedera pamwamba, asekulu anapukuta thukuta n'kufunsa modzichepetsa kwachilendo:

"Adumbu, tiuzeni ndimwe. Mutu wake ni uti?"

"Mufunsa ciani? Mutu ni iyo ikulu. Munaona kuti mwana atsogola akulu alipo?"

ANyaMtonga eniake anaimirira pakati pabwalo n'kumalamula anyamatawo kupotoloza mlongoti, mpaka nsungwi yaitali inayang'ana kumpoto, kutali ndi manda. Asekulu, munthu wosalola mnzake kumaliza chiganizo, anangoti, "Yewo." Anthu atabalalika anandinong'oneza kuti pa eriyo wamng'ono ndiye amatsogola, wamkulu amakhala kumbuyo n'kumakankha mawu kuti apite kutsogolo. Ndinayang'ana kumwamba. Nsungwi yaifupi ija inali italoza ndendende pamwamba pa mitengo ya kumanda.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, theka la mudzi linatitsatira, ena pakhonde, ena pamawindo. Asekulu anaitana m'Chingerezi, n'kudikira, n'kuitananso. Kenako mawu a mnzawo uja anatuluka amphamvu ngati ali chipinda chinacho, ndipo pambuyo pake panabwera mawu a mzimayi, opyapyala, oyankhulira m'mphuno. Sindinawazindikire.

"Taonga? Iwe Taonga, warya?"

Pamenepo ndinawadziwa. Palibe wina padziko amene ankakoka dzina langa chonchija, ngati ndalakwa kale. Asekulu anandipatsa cholankhulira, n'kundionetsa kabatani kokanikiza poyankhula, n'kundikumbutsa kuti pawailesi amayankhula mmodzi, ukamaliza umati "ova" mnzako ayankhe. Ndinanena kuti ndadya, kuti ndili bwino kusukulu, kuti mbuzi yabereka. Amayi anaseka. Ndiyeno ndinafunsa chimene ndinali nditachisunga nthawi yonseyo.

"Amama, mubwela liti? Ova."

Wailesi inangoti shiii. Tinadikira. Anthu a pawindo anayamba kuyang'anana, ndipo ine ndinagwira cholankhulira chija ndi manja onse awiri. Mwadzidzidzi asekulu anamenya tebulo.

"Mphepo! Yatembenuza eriyo. Ninamanga manyengwe, osalimbitsa ine, nkhalamba yopusa!"

Anathamangira panja, n'kuyamba kugwedeza mlongoti uku akudzinyoza mokweza, ndipo anthu onse anawatsatira kukaonerera, ena akuseka. Ine ndinaima pakhomo. Masamba a mango anali zii, ngakhale limodzi losagwedera, koma ndinali mwana ndipo ndinawakhulupirira. Atabwerera, mawu a amayi anamvekanso, okhuthala pang'ono, akundiuza kuti ndizimvera asekulu. Funso langa ndinaganiza kuti linatayika m'njira.

Amayi anabwera ndili kale kusekondale, asekulu atagona pafupi ndi agogo aakazi. Tsiku lina tikusenda mtedza ndinawakumbutsa za mphepo ija. Anasiya kusenda.

"Ninamva zonse, mwana wanga. Kabatani kanali m'manja mwanga, koma ninalibe cokuuza."

Lero ndimagwira ntchito ku Lusaka, ndipo mwana wanga wamkazi amakhala ndi amayi ku Lundazi. Timayankhulana pafoni Lamlungu lililonse, amandiuza za kusukulu ndi za nkhuku zake, ndipo ndimadziwa kuti funso lija likubwera. Mafoni a masiku ano amamveka bwino kwambiri. Akadzandifunsa, adzandimva ngakhale kupuma, ndipo palibe wothamangira panja kukanamizira mphepo.