Ola Limene Chigayo Chinatidikira

Amuna anga atamwalira ndinakana kuti mtembo upite kwawo ku Vinthukutu. Iwo eni anandiuza ali chigonere kuti ndidzawaike ku Ngara, komwe anakalambira ndi maukonde awo. Achibale anagonja, koma alamu anga, akulu awo a malemuwo, sanaiwale.

Chaka chitatha tinagwirizana zoika mtanda pamanda. Mwana wanga wachiwiri ndi mphunzitsi ku Boma, ndipo ali ndi kamakina kosema matabwa, koyendetsedwa ndi kompyuta. Anakagula ku Tanzania kuti azicheza nako akaweruka. Anati dzina la bambo ake alemba yekha, pa thabwa la boti lawo lomwe. Botilo linali litawola kale. Tinapulumutsapo zidutswa zitatu zokha za mlombwa, ndipo ndinakwera nazo minibasi nditazifungatira pamiyendo.

Ine zilembo sindizidziwa. Koma mikeka ndaluka kuyambira ndili mtsikana, mzere wokhota ndimauona. Pa thabwa loyamba, masana, kadzino kachitsulo ka makinawo kanayamba bwino, kakukumba mofatsa. Kufika pakati, dzina lija linangosuntha, zilembo zotsalazo n'kukwerana.

Mwana wanga anandifotokozera kuti kamakinako kalibe maso. Kamayambira pakona ya thabwa n'kumawerenga mapazi ake. Kakaphonya phazi limodzi sikadziwa ayi, kamangopitiriza, ndiye zonse zotsatira zimagwera pena. Anakunga malamba ake, namanga timabawuti tonse, napukuta utuchi m'njanji zake, nachepetsa liwiro. Madzulo anayesa pa kathabwa kachabe. Kanajambula bokosi n'kubwerera pomwe kanayambira, rula n'kuvomereza. Mawa lake masana anaika thabwa lachiwiri. Linaonongeka chimodzimodzi.

Alamu anali atabwera kudzatenga mtandawo. Anatembenuza matabwa awiri aja kwa kanthawi, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Mulamu, pa matabwa achabe kakulemba bwino, pa thabwa la mwini wake kakukana. Mukufunanso mboni yanji? Munthuyu sakugona bwino kumene munamuika."

Anati thabwa lachitatu likakananso, banja likhale pansi likambe zokawatenga kupita nawo kwawo. Mumtima ndinayamba kudzifunsa ngati mawu a munthu wodwala aja ndinawamvetsa bwino.

Tsiku lotsatira mwana wanga anayesanso pa timatabwa tachabe, koma dzuwa lili pamutu. Ine ndinakhala pansi pakhomo la kashedi kake ndikusankha mpunga m'lichero. Kuseri kwa mpanda wawo kuli chigayo chopunthira mpunga, chomwe chimazima anthu akatha n'kuyakanso ena akabwera. Ndinamva chikuyamba kubuma. Nthawi yomweyo babu ya m'shedimo inaphethira, kamakina kaja n'kutsamwa pang'ono, ngati mwana wameza phala lotentha. Ndinadikira mpaka zitachitika kachiwiri.

"Mwana wanga, chigayo chija madzulo chimagwira?"

"Ayi amama, faifi ikakwana amatseka."

"Nanga tsiku lija kanalemba bwino pa kathabwa kachabe, unayesa nthawi yanji?"

Anayang'ana babu, nayang'ana ine. Anapita kuseri kukapempha kuti achizimitse n'kuchiyatsanso, ndipo kamakinako kanaphonya phazi tonse tikuona. Anati nyumba yawo ndi chigayocho zili pa waya umodzi. Chikamayaka chimakoka magetsi mwamphamvu, timainjini ta kamakinako n'kufooka kwa kamphindi.

Iye anafuna kuti alembe thabwa lachitatu madzulo chigayo chitatsekedwa. Ndinakana. Alamu akanati tazemba nthawi imene m'bale wawo amakanira. Ndinati lilembedwe masana, ola lomwe anzake aja anaonongekera, iwo ali pomwepo.

Ndinamanga chitenje n'kupita kuchigayo ndekha. Woyendetsa chigayocho anali bambo woyera mutu ndi gaga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, navula chipewa, nati mawa thwelofu ikakwana azimitsa ola lathunthu.

Anachitadi. Amayi omwe anali pamzere anakhala pamatumba awo osadandaula. Ena anabwera kumpanda kudzafunsa m'Chinkhonde kuti ndi mtanda wa yani, atamva anapepesa n'kukhala pomwepo. Dera lonse linali zii, kumangomveka kadzino kaja kakudya mlombwa. Mwana wanga sanakhale pansi. Alamu anaima pambali pake manja ali kumbuyo. Ine ndinkayang'ana babu basi.

Katamaliza kananyamuka n'kubwerera pakona pake. Mwana wanga anauzira utuchi, nandipatsa thabwalo. Ndinayendetsa chala m'mizere yake kuyambira koyamba mpaka kumapeto, yonse ili chilili, yosakwerana. Ndinalipereka kwa alamu ndi manja awiri.

Anawerenga dzinalo mokweza, pang'onopang'ono, lonse, ndi lija ankamuitanira ali ana. Kenako anafunsa kuti minibasi ya ku Ngara tikakwerera pati, ndipo njira yonse thabwalo analifungatira okha.