Njinga Yojambula pa Phula

Sikisi koloko isanakwane, mayi a pageti lobiriwira amakhala atawerama kale ndi tsache m'kanjira ka njinga ka m'mbali mwa msewu. Amachotsamo magalasi osweka ndi misomali. Palibe anawatuma, ndipo apanjinga amangodutsa osawayang'ana n'komwe. Koma amuna awo, omwe ndi mlonda, amabwerera momwemo panjinga m'mawa uliwonse, ndipo makutu awo masiku ano samvanso hutala.

Chimvekere zoti kanjirako akuluakulu a mzinda akufuna kukachotsa kuti magalimoto asamathithikane, mayiwa sakhulupirira munthu. Aliyense woima pamsewu ndi tepi amamufunsa kuti, "Mukuyeza chiyani, bambo?" Mawu awo ndi amodzi: "Wofuna kukulanda mpando sakukankha, amayamba wakuuza kuti ndi wothyoka."

Sabata yatha anaona kuti njinga yoyera yojambula pa phula, chizindikiro cha kanjirako, yatsala gudumu limodzi. Anakaima pampanda wa neba wawo woyendetsa takisi, yemwe sasiya kudandaula za mzere wa magalimoto.

"Achimwene, mwaifufuta ndinu?"

"Ine, mayi? Funsani tsache lanulo. Mumakwecha msewu ngati mphika wopserera!"

Mayiwo analiyang'ana tsachelo nthawi yaitali, kenaka n'kulibisa kumbuyo.

"Ndiye akuluakuluwo akungodikira njingayo ithe kufufutika, adzati munalibe kanjira muno," anatero. "Penti yoyera yotsala pageti lanu ija mundigawireko, ndi burashi yomwe. Ndipo takisi yanuyo muiimike pamenepo, munditchingire mpaka iume."